Wokankha Bwato Sakwera

Kwathu kunali lamulo limene sindidziwa amene analiyamba, koma ndikanakumana naye ndikanamupotokola khutu. Munthu akamanyamuka ulendo wautali wa pamadzi, bwato lake silikankhidwa ndi munthu wamba. Amakankha ndi wake weniweni, wobadwa naye kapena wogona naye nyumba imodzi. Wokankhayo amalowa m'matope n'kukankha mpaka bwato liyandame, kenaka amaima pomwepo, osasamba, osatembenuka, kufikira bwato litabisika pamene mtsinje wakhota. Akuluakulu ankati matope amenewo ndiwo chingwe. Wapaulendo apite kutali chotani, adzabwerera kwa amene anamukankha. Wopita wopanda womukankha, madzi amamuiwalitsa kwawo. Woyendetsa bwato yekha ndiye safuna womukankha, poti iye kwawo ndi pamadzi pomwepo.

Zonsezi ndinalibe nazo mlandu. Chimene chinandidyera moyo ndi kamchira ka lamuloli: wokankha sakwera.

Tinabadwa awiri. Ine ndinayamba, ndipo ndinatenga zolemera zonse zimene zinali m'mimba mwa amayi: mafupa, mawu, ndi akatumba onga maungu. Mng'ono wanga Zelifa anapeza kwatsala zopepuka zokhazokha, khosi lalitali, kampata pa mano, ndi timapazi tosamveka poyenda. Ine ndikaseka nkhuku zinkathawa. Zelifa akaseka anthu ankamupatsa nthochi.

Tili atsikana kunabwera azakhali ena ochokera kumunsi kwa mtsinje, kudzafuna mwana wokawalerera khanda. Ndinasamba mpaka khungu kuwawa, n'kukaima kutsogolo. Azakhaliwo anandiyang'ana kuyambira kumutu. Atafika pa miyendo anaima.

"Uyu akakwera, tonse tiyenda pansi pa madzi," anatero. "Ndipatseni wamng'onoyo."

Amayi anamumanga Zelifa mpango wawo watsopano. Titafika pa doko ananditembenukira.

"Iwe Mulungu anakupatsa miyendo. Kankha mng'ono wako."

Ndinakankha. Bwato linandipulumuka m'manja ngati mlamba. Ndinaima m'matope ofika m'mawondo, misundu ikundiyamwa, ndikuona mpango wa amayi ukucheperachepera. Pokhota mtsinje panali mkuyu wopendekera m'madzi. Mpango unafika pa mkuyu n'kuzimirira. Zelifa sanacheuke. Iyetu lamulo silinamuletse kucheuka, anangoiwala.

Anabwerako patapita mvula zingapo, atavala nsapato. Anatiuza kuti kumene mtsinje umathera kuli madzi opanda tsidya.

"Bodza," ndinatero ine. "Madzi onse ali ndi tsidya. Nanga ng'ona za kumeneko zimaothera dzuwa pati?"

"Achemwali, inu simungamve. N'zofunika kuona."

Mawu amenewo anandilowa ngati munga uja umathyokera m'phazi. Sumauona, koma ukaponda umakukumbutsa. Ndinaganiza chonchi: bwato silinganyamule anthu chifukwa cha khosi lokha. Ndikadziwa zimene bwato limafuna, sadzandisiya. Ndinamanga kamtolo n'kuyamba kutsata mtsinje wapansi.

Ndinafika pa mudzi wa osema mabwato, kumene pansi ponse panali tizibenthu ta mbawa, ndipo ngakhale agalu ankanunkhira mtengo. Akazi kumeneko sagwira kasemasema. Ntchito yawo n'kufulula mowa wa anthu okoka bwato kuchokera kunkhalango, ndi kuimba kuti amuna asawodzere pa chingwe. Ine ndikayamba kuimba amuna ankakoka ngati akuthawa.

Mmisiri wamkulu, a Kansengwa, anali atagontha. Bwato likamasemedwa, mmisiri amaligogoda m'nthiti kuti amve pamene lafika. Likayankha mogona, ndiye kuti likadali lonenepa, semani. Likalira ngati ng'oma yowamba bwino, siyani, mungaboole. A Kansengwa ankagogoda, ine n'kuika khutu, n'kuwakodola. Ndinaphunzira kumva bwato monga mzamba amamvera mimba. Ndinkadziwa pamene chiswe chinadutsa mtengo ukadali chiimire, ndi pamene padzayambire mng'alu zaka za m'tsogolo.

Kumeneko ndinakwatiwa ndi Faniwelo, wonola nkhwangwa, amene anandikonda ataona ndanyamula mbali imodzi ya chipika, iye ndi anzake atanyamula inayo.

Bwato lalikulu litatha, a Kansengwa anandiloza pamaso pa anthu. "Ulendo woyamba, khutu langali likwera nawo." Ndinachapa chitenje. Ndinadzola mafuta a nsatsi mpaka ntchentche zinkaterereka. M'mawa ndinatsikira ku doko, ndipo kumunsi, pokhota mtsinje, panali mkuyu wopendekera m'madzi, ngati wa kwathu uja.

Pa doko panaima Zelifa ndi mwamuna wovala tayi.

"Achemwali! Ndakufunani midzi yonse. Awa ndi alamu anu, akunditenga kwawo kumunsi. Ndikankheni."

"Malo otsala m'bwatomu ndi anga."

"Ndiye ine ndipite ku banja wopanda wondikankha? Mukufuna ndisadzabwerenso?"

Ndinaganiza kaye, osanama. Ndinaganiza nthawi yotalikirapo, mpaka alamu anayamba kukhosomola. Kenaka ndinakwinya chitenje changa chochapa chija n'kulowa m'matope. A tayi anakhala pamene ndikanakhala ine, m'bwato limene nthiti zake ndinkazidziwa kuposa za Faniwelo. Zelifa anatambasula ambulera. Ine mafuta a nsatsi anandithandiza kuti misundu izitsetsereka, ndipo phindu la tsikulo linali lomwelo.

Ine ndi Faniwelo tinatsika ndi mtsinje, wapansi. Tinafika pa tauni ya doko la simenti, kumene kunkakocheza maboti a injini, ndipo anthu ankayenda ngati asiya ndiwo pamoto. Kumeneko ndinagwira ntchito kwa mayi wina wokonza kamba wa apaulendo, a Nasibeko, wamfupi, wa tindevu pachibwano.

"Mwana wanga, bwato lilibe kuseri," anandiuza tsiku loyamba. "Pamtunda mimba ikavuta umalowa patchire. Pamadzi ulowa pati? Kamba wabwino ndi amene amalowa m'mimba n'kukhala phee ngati mkamwini."

Ndinaphunzira. Nyemba ayi. Mango ayi, ngakhale wapaulendo alire. Mchere pang'ono, kuopa ludzu. Mtedza ukazingidwe mpaka uzilira m'manja. Makaka, chimanga chokazinga, chigumu chowotcha mpaka chilimbe ngati njerwa, ndi bwemba woyamwa mutu ukayamba kuzungulira. Zonse uzikulunge m'masamba a nthochi owamba pamoto kuti madzi asalowe. Kamba wa masiku oyamba akhale pamwamba, wa masiku otopa pansi. Ndipo pansi penipeni, a Nasibeko ankati, uike kanthu kotsekemera, ka tsiku limene munthu wayamba kudzifunsa chifukwa chimene anachokera kwawo.

Apaulendo ankadya za m'manja mwanga kumalo kumene ine sindinafikeko. Mtedza wanga unaona madzi opanda tsidya. Ndinayamba kuchitira nsanje mtedza.

Kumeneko Faniwelo anagwidwa ndi matenda a pa doko, aja oyang'anitsitsa maboti pakamwa pali yasa. Tsiku lina anati akupita kumunsi kukagwira ntchito m'sitima zikuluzikulu.

"Tipite tonse," ndinatero.

"Nanga atikankhe ndani?"

"Ndiye khalani."

"Iwe mkazi, ndikankhe. Ndikakugulira nsapato ngati za mng'ono wako."

Akanapanda kutchula nsapatozo mwina ndikanamukankha. Kamba ndinamukonzera, wabwino, kotsekemera pansi. Koma pa doko ndinapinda manja. Boti linaliza injini n'kudzichokera lokha, Faniwelo akundiyang'ana ngati mbuzi yopita ku msika. Sanabwerenso. Ena amati anakwatira uko, ena amati anangoiwala njira. Ine ndimati lamulo lija limagwira ntchito, ndinaliyesa ndekha. Ndinalirako pang'ono, pokazinga mtedza, pamene utsi umamubisa munthu.

Misozi isanaume bwino, ndinamva kumbuyo kwanga, "Achemwali!"

Anali Zelifa, mwana kumbuyo, dzino lagolide m'kamwa, ndi mwamuna wina wa chipewa chachikulu. Ankachokera kokaonetsa mwana kwa amayi.

"Nanga a tayi aja?" ndinamunong'oneza.

"Anatha."

"Anamwalira?"

"Ayi, anangotha."

Anasankha kamba wanga wabwino koposa, akugwiragwira mitolo ngati ndi yake. Boti la injini silifuna kukankhidwa, koma Zelifa anamwetulira woyendetsa, woyendetsayo n'kudikira. Ngakhale pa doko la simenti, m'mbali mwake matope analipo, osungira ine. Ndinakankha, utsi wa injini n'kundithira m'maso. Utachoka utsi ndinaona mkuyu pokhota mtsinje. Ndinafunsa a Nasibeko ngati mtengowo unalipo dzulo. Iwo anati mitengo saiwerenga, amawerenga mitolo.

Pambuyo pake ndinapezeka m'dziko la bango ndi gumbwa, kumene nthaka imagwedezeka ukaiponda, ndipo nyumba zimasamuka zokha mvula ikachuluka. Sindikumbuka njira imene ndinadzera, ndimangokumbuka kuti miyendo inatupa. Mabwato a kumeneko onse anali okalamba, ndipo anthu ankawasamala monga tisamalira nkhalamba: kutseka pamene pakudontha, osafunsa zambiri. Ndinaphunzira kung'amba nsanza, kuzikhomerera m'ming'alu ndi kampeni kobuntha, n'kuthirapo phula lotentha. Ndinaphunziranso kukapa madzi. Sukapa ndi mkono, ungatope dzuwa lisanakwere. Umakapa ndi chiuno, monga posinja.

Mabwato ndinakwera ambiri kumeneko, musandione chonchi. Koma onse anali omangirira pa chikhomo. Ndinkakhala m'kati ndi chitini changa chokapira madzi, n'kutsinzina, bwato likugwedezeka, n'kumati ndanyamuka, ndafika pa mkuyu, ndadutsa. Ndikatsegula maso, mbuzi yomwe ija ili pamtunda, ikutafuna, ikundiyang'ana.

Mano anayamba kundichoka kumeneko, limodzilimodzi, osatsanzika. Nawonso analibe wowakankha, ndiye sanabwerere.

Uthenga wa maliro a amayi unandipeza ndili ndi phula m'manja. Ndinayenda wapansi, n'kupeza ataika kale. Zelifa, wochokera kutali kuposa ine, anafika pa bwato nthawi yabwino, analira pamalo abwino, ndipo anthu ankakambabe za kaliridwe kake. Pogawa katundu, mtondo wa amayi anandipatsa ine, poti ndi wolemera. Zelifa anatenga mikanda.

Tsiku lobwerera tinatsikira pa doko la kwathu lija. Ndinalowa m'matope osauzidwa, koma ndisanakankhe ndinaligwira bwato.

"Zelifa, lero ndi lomaliza."

"Mwatopa, achemwali?"

"Ulendo winawo ukankha ndiwe."

Anaseka, dzino lagolide n'kung'anima. "Inuyo? Mupite kuti?"

"Kumene unati n'zofunika kuona."

"Chabwino. Mukadzapeza bwato lovomera kukunyamulani, mudzanditumire mawu. Ndidzakankha."

Ananena monga munthu amalonjezera mwana kuti adzamuthyolera mwezi. Woyendetsa bwato anaseka nawo. Tsiku limenelo ndinakankha mwamphamvu mpaka ambulera inagwera m'madzi. Sindinachite dala. Mwina pang'ono.

Zaka zinapita monga zimapitira. Zina ndinaziona, zina zinadutsa ndili chowerama. Ndinakhalako pa mudzi wa ophika mchere, pa mudzi wa oluka mphasa, ndi pa mudzi wina wa anthu osalankhulana m'mawa, kumene sindinachedweko. Paliponse panali doko, paliponse mtsinje unkakhota, ndipo mkuyu unkandipeza. Pomaliza ndinakhazikika pa mudzi wa oumba mbiya, chaka chimene mtsinje unaphwa mpaka kuonetsa nthiti.

Kumeneko kunali bambo wina woonda ngati nkhafi yake, a Dzimbiri, amene kale ankatengera mbiya kumunsi kwenikweni, kumene mtsinje umathera. Bwato lawo linali litavundikiridwa pamchenga, nkhuku zikuikira pansi pake. Ndinaligogoda m'nthiti n'kuika khutu.

"Amayi, mukufunamo chiyani? Mulibe njuchi umo."

"Bwatoli silinafe. Lili ndi ludzu chabe, ndi ming'alu pamimba."

"Mungalidzutse?"

"Ndikalidzutsa ndikwera."

Anandiyang'ana miyendo, monga onse. Koma miyendoyo inali itayamba kubweza zimene inakongola kwa Mulungu. Maungu aja anali atasanduka zipwete.

"Ngakhale mulimate lizidonthabe," anatero. "Ndifuna wokapa madzi njira yonse. Ndi ulendo wautalitu, amayi. Ena amabwerako ndi imvi."

"Zanga ndanyamuliratu."

Ndinang'amba chitenje chimene anandiveka Faniwelo n'kuchikhomerera m'ming'alu. Chinagwira bwino kuposa banjalo. Ndinathira phula, tinaviika bwato kuti mtengo umwe utupe, ndinagogodanso, ndipo linayankha ngati munthu amene wadzuka koma sanasukusule. Mbiya tinaziyala pa udzu, zazikulu pakati, zazing'ono m'mimba mwa zinzake. Ndinakazinga mtedza, ndinaumitsa makaka, ndinawamba masamba a nthochi. Moyo wanga wonse ndinakonzera anthu kamba, koma wanga ndinaukulunga, kumasula, kukulunganso. Pansi penipeni ndinaika kachitini ka uchi. Mtondo wa amayi ndinapatsa mnansi. Nkhuku yanga ndinaidya, kuti isasowe mwini. Ndipo aliyense wokwera kapena wotsika ndi mtsinje ndinkamutuma: mukaona mayi wa dzino lagolide, mumuuze kuti bwato lapezeka.

Tsiku lonyamuka ndinalowa m'bwato dzuwa likungotuluka. Ndinakhala pa thumba la udzu wofewa, pamthunzi wa mphasa imene a Dzimbiri anakhoma kumbuyo kwa mbiya. Ndinalumbira kuti sindidzukapo ngakhale kubwere mavu. Kumunsi mkuyu unali pomwepo, wopendekera, ukundidikira.

Zelifa anabwera wapansi. Ndinali ndisanamuonepo akubwera ndi fumbi m'miyendo, ndiye poyamba ndinamuyesa nkhalamba ina yodzapempha moto. Khosi lija linali litapindika ngati ndodo ya ambulera. Dzino lagolide kunalibe. Pamutu anali ndi kamtolo. Nditaona kamtoloko ndinagwiritsa m'mphepete mwa bwato ndi manja onse awiri.

"Achemwali, ndamva kuli bwato."

"Lilipo. Ladzaza."

"Sindinanene kanthu ine."

"Kamtoloko kanena."

Anakatula pamchenga. "Umu ndi zanga zonse. Ndinalibe pokasiya."

"Amuna ako?"

"Anatha onse."

"Ana?"

"Aliyense anakwera lake."

"Pepa. Vula nsapato."

Anavula, n'kuziika moyandikana pafupi ndi kamtolo. Mapazi ake anali oyera ngati chinangwa chosenda. Analowa m'matope monyansidwa ngati mphaka, chitenje atachigwira ndi zala ziwiri. Ine ndinakonza mpango, ndinakhala tsonga. Ndinali nditakonzeratu kuti sindicheuka.

"Ikani phewa, amayi, osati zala," anatero a Dzimbiri.

Anakankha. Mbiya sizinamve n'komwe.

"Kankha, iwe! Ukusisita mwana?"

"Ndikukankha, achemwali!"

"Pinda mawondo. Matako pansi. Koka mpweya, kenaka hii!"

Anati hii, mapazi n'kuterereka, nkhope yonse m'matope. Ndinaseka, abale. Ndinaseka mpaka mbiya zinayankha. Kunali kuseka kumene ndinakusunga pansi penipeni kuyambira tsiku la mpango wa amayi, ndipo kunali kusanawole.

A Dzimbiri sanaseke. Ankayang'ana madzi pa nsungwi yawo yokankhira.

"Mtsinje ukuphwa uwu. Dzuwa likakwera, bwatoli likhala pano mpaka mvula. Mukatsika inu, ndilichotsa ndekha ndi nsungwi, ndipite. Mukakhalamo, akankhe ndi wanu. Ine sindikankhira munthu wa eni."

"Sinditsika. Uyu analonjeza."

Zelifa anadzuka, anapukuta maso, n'kuikanso phewa. Ankapuma ngati mvukuto. Bwato linangoti gwede, n'kukhalanso. Anatsamira mutu pa mtengo, n'kufunsa motsitsa mawu.

"Achemwali, likayandama ndiime mpaka lifike pa mkuyu?"

"Eya. Osasamba, osatembenuka."

"Kenaka?"

"Kenaka upite kwanu."

"Kwathu kuti? Ine ndikatsika bwato ndinkangofunsa kumene muli inu, basi. Kwina ndinalibe. Tsono inu mukakhala pamadzi, ine ndiziima pomwe pano mpaka mudzabwere?"

Mawu okoma ngati amenewo ndiwo ankamupezera amuna, ndinkadziwa. Ndinayang'ana mkuyu. Ndinayang'ana timiyendo take m'matope, msundu umodzi utayamba kale kudya. Musaganize zambiri. Ine zimangondinyansa kuona ntchito ikugwiridwa molakwika.

Ndinatsika.

"Suntha. Ona kuno."

Matope anandilandira ngati mwana wawo wotayika. Ndinaika phewa pambali pa phewa lake. "Pinda. Koka mpweya. Hii!"

Bwato linakwekwereza pamchenga, linadandaula m'nthiti, n'kuyandama. Linayamba kupulumuka monga limachitira, ngati mlamba. Manja angawa anazolowera kusiya. Tsiku limenelo anakana. Dzanja limodzi linagwira bwato, linalo linagwira Zelifa pa mfundo ya chitenje, n'kumuponya m'kati ngati thumba la madeya. Ine ndinakwera cha pamimba, miyendo m'mwamba, mbiya imodzi n'kusweka.

"Nsapato zanga!" anakuwa Zelifa.

"Zisiye. Ziime m'malo mwathu."

A Dzimbiri anagwira pakamwa. "Amayi inu! Okankha onse mwakwera! Adzakukokereni kumudzi ndani?"

"Palasani, bambo. Lamulo limati munthu amabwerera kwa amene anamukankha. Uyu wandikankha ine, ine ndakankha uyu. Ife tafika kale."

Anapukusa mutu, koma madzi anali atatitenga, ndipo madzi sadikira mlandu. Anapalasa. Ataona Zelifa akunjenjemera anati, "Pepani amayi, khalani apa pofewa," n'kumukhazika pa thumba langa la udzu, pamthunzi wanga. Ine anandipatsa chitini n'kundilozera pansi, pamene madzi anali atayamba kale kusonkhana.

Mkuyu unayandikira. Ndinauyang'anitsitsa, poti tinadziwana kalekale koma chapatali. Unali mtengo wamba, wa nyerere, nthambi ina youma. Tinadutsa pansi pake, mthunzi wake n'kundiyenda pamsana. Kuseri kwake kunali mtsinje womwewo, wotakata pang'ono, ndi mbalame zoyera zoimirira mwendo umodzi. Ndinali nditalumbira kuti sindicheuka, koma ndinacheuka. Nsapato zinali pomwepo, ziwiri, zosasamba, zosatembenuka. Kenaka mtsinje unakhota.

Nditabweza maso ndinapeza Zelifa atamasula kamba wanga. Mtedza anaudutsa, makaka anawadutsa, dzanja linapita pansi penipeni.

"Zelifa! Uchiwo ndi wa tsiku lotopa!"

"Ine ndatopa kale, achemwali."

Ananyambita chala, a Dzimbiri n'kumufunsa ngati mthunzi ukumukwanira.

"Madzi aja, alibedi tsidya?" ndinamufunsa.

"Mukaona nokha. Kapani, mapazi anga akunyowa."

Dzuwa linakwera, matope n'kutiumira m'miyendo. Anga anang'ambikang'ambika ngati pansi pa dambo m'chilimwe. Ndinayang'ana matope a Zelifa. Ake anauma bwinobwino, osalala, olekezera molingana ngati masokosi a ku tchalitchi, ndipo a kumaso aja anamukhala ngati wadzola. Ngakhale matope, abale, amamukonda mwana ameneyu.

Ndinapitiriza kukapa, ndi chiuno, monga posinja. Madzi ambiri ndinkawataya mumtsinje. Ena ankaphonyera kwa Zelifa.